MZUNGU AKAFIKA PAMUDZI, ANTHU AMAFUNSA KUTI WADZATANI

Ana a m'midzi akaona galimoto la alendo amathamangira kumseu nafuula kuti "Mzungu! Mzungu!" Alendo ena amakhumudwa nako kufuulaku, poyesa kuti akutukwanidwa, pamene anawo akungolengeza kuti kwafika munthu wachilendo. Akulu okhala pansi pa mtengo safuula ai. Iwo amayang'ana chete, ali ndi funso limodzi mumtima: kodi munthu ameneyu wadzatani kuno? Malandiridwe onse a mlendoyo agona pa yankho la funso limeneli.

Funsoli nlakale, ndipo anthu sanaliphunzire pachabe. Dr David Livingstone anafika kunyanja yathu m'chaka cha 1859, ndipo amishoni amene anamtsata anatsegula Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, atanyamula mankhwala ndi mabuku. Koma pambuyo pao panadza Azungu a minda, ndi thangata. Ku Magomero, William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce, amene anthu ankamutcha Listonia, anatchuka ndi nkhanza kufikira anaphedwa pa nkhondo ya John Chilembwe mu January 1915. Amuna awiriwa anali a khungu limodzi ndi dzina limodzi, koma anthu sanawasokoneze: aliyense anamuyesa ndi nchito zake.

Kudabwa kwakukulu kunadza m'chaka cha 1963, pamene anyamata ndi atsikana a Peace Corps anayamba kufika kuchokera ku America kudzaphunzitsa m'sukulu zathu. Mpaka nthawi imeneyo, kwa anthu ambiri Mzungu anali Bwana kapena Dona, wokhala kumayadi, wophikiridwa ndi khukhi, wolankhula kupyolera mwa womasulira. Tsono awa anadza napalasa njinga, nadya nsima ndi manja, nayesa kulankhula Chinyanja ngakhale mopotoza lilime. Ena anawakonda kwambiri. Mmodzi wa iwo, Jack Allison, anapeka nyimbo ya "Ufa wa Mtedza" yolangiza amai za phala la ana, ndipo inamveka pa wailesi m'dziko lonse. Koma ena anakaika. Munthu wochokera kudziko lachuma angadzivutitse bwanji chotere popanda chimene akufuna? Kapena kwao ndi mmphawi, kapena ndi kazitape. Maganizo awiriwa, kukonda ndi kukaika, ankakhala m'mudzi umodzi, nthawi zina mumtima umodzi.

Za mavalidwe tingonena mwachidule. Lamulo la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi afupi, ndipo amuna odzaona dziko ofika ndi tsitsi lalitali ankametedwa pachipata. Lamulolo linatha mu 1993, ngakhale kumudzi mkazi wachizungu womanga chitenje amalonjeredwabe mwaulemu woposa mnzake wa kabudula.

Kukaika kukakula kumabala zoopsa, ndipo tinaziona m'chaka cha 2017. Mu September chaka chimenecho mbiri ya anamapopa inabuka ku Mulanje nifalikira ku Phalombe, Thyolo ndi madera ena a kumwera. Anthu anatseka miseu, nagona panja m'magulu, naimitsa magalimoto achilendo. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo a Peace Corps nawo anachotsedwa m'maderawo. Mbiri yotere si yathu yokha: ku Northern Rhodesia m'zaka za m'ma 1930 anthu ankanena za banyama, ndipo ngakhale ansembe achizungu anatchulidwa nawo. Nkosavuta kuseka zimenezi uli muofesi ku Lilongwe. Koma taganizani za mai amene waona alendo atafika pa galimoto loyera, natenga magazi a mwana wake m'kabotolo, nalemba maina m'buku, nachoka osabweranso kudzanena chimene anapeza. Funso lake lija silinayankhidwe, ndipo mphekesera ndiyo inaliyankha.

Chimene chiyenera kukumbukiridwa ndi inu a nchito za Boma ndi aphunzitsi nchakuti anthu amene anaphedwa pa chipwirikiti chija anali akuda anzathu. Madokotala a Chimalawi anavutitsidwa kaamba ka zida zao zopimira odwala. Mlendo ali ndi kazembe wake ndi ndege yomtengera kwao. Womasulira, dalaivala ndi mlangizi wa zaumoyo amene anayenda naye ndiwo amatsala.

Nchifukwa chake njira yakale yolandirira mlendo sinathe nchito, ngakhale alendo ofulumira amaiona ngati kutaya nthawi. Mlendo ayambe waonekera kwa Bwana DC, kenaka kwa mfumu yaikulu, kenaka kwa nyakwawa, amene adzaitana anthu ake pabwalo kuti amve kumene mlendoyo wachokera, chimene wadzachita ndi tsiku limene adzachoka. Pamsonkhano wotere womasulira mau nthawi zambiri amakhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pafupi. Galimoto likapita, ndi pakhomo pa mphunzitsiyo pamene anthu amadza madzulo kudzafunsa ngati Mzungu uja ananena zoona.