Kanema Wonenera Amayi Omwalira pa Uchembere

M'dziko la America, ngakhale kuli zipatala zapamwamba, amayi akuda amamwalira pa uchembere kuposa azungu. M'chaka cha 2021, pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi akuda omwalira anali pafupifupi 70, pamene azungu anali 27.

Koma chiŵerengero pachokha sichiliritsa munthu. Nchifukwa chake mu 2022 Paula Eiselt ndi Tonya Lewis Lee anatulutsa kanema wotchedwa Aftershock, woonetsa mabanja aŵiri ofedwa a mumzinda wa New York.

Mmodzi mwa omwalirawo ndi Shamony Gibson, wa zaka 30. Atabereka mwa opaleshoni mu 2019, anayamba kubanika popuma. Anadandaula ndithu, koma madandaulo akewo sanatengedwe ngati nkhani yaikulu. Patapita masiku 13 chiberekere, anamwalira. Chinamupha ndi magazi oundana amene anatseka mitsempha ya m'mapapo. Kaŵirikaŵiri magazi otere amayamba kuundana m'mwendo, makamaka mwa mayi wochitidwa opaleshoni amene wakhalitsa chigonere. Chomvetsa chisoni nchakuti mankhwala ake alipo, bola matendawo adziŵike msanga.

Winayo, Amber Rose Isaac, anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 26.

Kanemayu akutsindika kuti mawu a mayi wakuda amapeputsidwa kuchipatala. Akuonetsanso abambo a ana amasiyewo akulera makanda, akulankhula m'misonkhano, ndipo mmodzi, Bruce McIntyre, akulimbikira kuti ku Bronx kutsegulidwe nyumba yoberekera yoyendetsedwa ndi azamba.