Ulimbo wa Silika pa Nsalu ya Thonje

Thonje la ku Balaka ndi Machinga lichoka m'manja mwa mlimi lisanaombedwe, pamene mtengo weniweni wa nsalu ubwera ndi makonzedwe otsiriza. Ena mwa makonzedwewo achokera kwa mbozi ya silika. Mboziyo pomanga chikwa chake imata ulusi ndi ulimbo wotchedwa serisini, umene uli ngati limodzi mwa magawo anayi a chikwacho. Opanga silika kawirikawiri amautaya pamodzi ndi madzi ophikira zikwa. Komatu ukapakidwa pa nsalu ya thonje, nsaluyo igwira bwino utoto nisunga chinyezi. Chovuta n'chakuti ulimbowo, monga sitachi ya chinangwa yolimbitsira malaya, usukuluka pochapa. Chifukwa chake akatswiri amaumangiriza ku ulusi ndi asidi wopezeka m'mandimu, natenthetsa nsaluyo.