Kalasi Kapena Foni? Zimene Anasankha Ana a M'maesiteti a Tiyi

Pa 24 Malichi 2020 boma la Zimbabwe linatseka sukulu zonse pamodzi ndi mayunivesite kaamba ka mliri wa Covid-19, ndipo kuyambira pa 30 mwezi womwewo anthu analamulidwa kukhala pakhomo kwa masiku 21. Ophunzira anamanga katundu nabwerera kwawo. Ena anatsikira m'chigwa cha Honde, m'boma la Mutasa, kudzera pa Hauna mpaka ku Mandeya kufupi ndi malire a Mozambique. Ena analowera kummwera, ku maesiteti a tiyi a ku Chipinge monga Ratelshoek, Jersey ndi Southdown. Pakati pawo panali zidzukulu za machona, anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito m'minda ya Azungu, ndipo m'makomboni ena Chichewa chikumvekabe pambali pa Chimanyika ndi Chindau.

Mayunivesite sanafune kuti chaka chipite pachabe, choncho anasamutsira maphunziro pa intaneti. Ife aphunzitsi tinayamba kulankhula pa Zoom ndi kuika zolemba pa Google Classroom. Ine ndinali mmodzi wa iwo, ndipo ena mwa ophunzira anga a sayansi ya mbewu anali ochokera m'madera ndatchulawa. Sipanatenge nthawi kuti tione kuti pa Zoom pakubwera anthu owerengeka okha, makamaka a m'tauni. Otsalawo tinkawapeza pa WhatsApp.

Tikawafunsa kumene mtima wawo unali, ambiri ankayankha kuti akufuna kubwerera m'kalasi. Koma wina asafulumire kunena kuti ana a kumudzi amaopa zinthu zatsopano, popeza zifukwa zawo zinali zogwirika. Chigwa cha Honde ndi chakuya, chozingidwa ndi mapiri, ndipo netiweki imapezeka pena, pena n'kusowa, kotero kuti wophunzira ankayenera kukwera chitunda kukaifuna. Data ya phunziro limodzi la kanema inali yolemera kwa kholo lolandira malipiro malinga ndi makilogalamu a tiyi amene lathyola. Magetsi nawo anali ovuta kuyambira mu 2019, pamene madzi a m'damu la Kariba anatsika kwambiri. Komanso m'nyumba ya pakomboni, ya zipinda ziwiri ndi anthu asanu ndi awiri, mulibe pothawira phokoso. Mwana wamkazi akakhala pakhomo, mtsuko, nkhuni ndi mphika zimamudikira, ndipo palibe amene amakhulupirira kuti munthu woyang'ana pa foni ali m'kalasi.

Chifukwa china n'cha phunziro lenilenilo. Ulimi suphunziridwa ndi makutu okha. Ndingathe kunena pa foni kuti tiyi amakonda nthaka ya asidi, ya pH 4.5 mpaka 5.5, koma wophunzira ayenera kutapa dothi, kuliumitsa, kulisefa ndi kuliyeza yekha m'labotale. Kangaude wofiira wa tiyi ndi wamng'ono kwambiri, ndipo amene sanamuone ndi galasi lokulitsa adzampitirira m'munda osadziwa. Kuola kwa mizu kobwera ndi Armillaria kumadziwika bwino ukasenda khungwa patsinde ndi kuona nkhungu yoyera ija, ukumvanso fungo lake la bowa. Fungo silidutsa pa intaneti.

Komabe panali zinthu zimene ophunzirawa sanafune kuti zithe mliri utatha. Mawu ojambulidwa otumizidwa pa WhatsApp ankatha kuwamvera kawiri kapena katatu, usiku anthu atagona, pamene m'kalasi mphunzitsi amalankhula kamodzi n'kupita. Amanyazi, amene sakweza dzanja pagulu, ankalemba mafunso momasuka. Ena anaona kuti ndalama za lendi ndi za basi yopita ku Mutare kapena ku Harare zikupulumuka. Pamene mayunivesite anayamba kutsegula pang'onopang'ono, kuyambira ndi a chaka chomaliza, pempho lawo linali lakuti ntchito za kumunda ndi za m'labotale zichitike pamaso ndi pamaso, koma zolemba ndi mawu ojambulidwa zipitirire kutumizidwa. Pa ichi ndikugwirizana nawo.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndiyenera kuvomera. Miyezi yonse ija ndinali kalikiliki kufuna njira yoonetsera ophunzira zithunzi za munda wa tiyi, kuiwala kuti ena mwa iwo ankadzuka m'mawa n'kuona tiyi pakhomo. Ulimi unali m'gulu la ntchito zololedwa kupitirira, motero amayi awo ankapitabe kumunda ndi dengu kumsana. Mayi amene wathyola tiyi zaka makumi awiri amadziwa ndi zala zake masamba awiri ndi nsonga, amadziwa chitsamba chimene chaleka kuphuka, ndiponso amadziwa mtundu umene umachedwa kudzuka nyengo yozizira ikatha. Mitundu ina ya tiyi yobzalidwa m'derali, monga SFS 150 ndi PC 108, inachokera ku bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa ku Mimosa, m'boma la Mulanje, kumene agogo a ena mwa ophunzirawa anachokera. Phunziro lonse linali pomwepo, ine n'kumatumiza zithunzi za m'buku.

Amene ananditsegula maso ndi wophunzira wamkazi wa ku Honde. Iye anatumiza chithunzi cha nsonga ya tiyi yokhala ndi mawanga akuda, nafunsa ngati ndi matenda. Anali mabala a kachirombo koyamwa kotchedwa Helopeltis, ndipo amayi ake anali atamuuza kale kuti vutoli limachuluka m'mbali mwa nkhalango, pamthunzi. Kuchokera tsiku limenelo ndinasintha ntchito zimene ndinkapereka. Aliyense anayenera kusankha mbewu imodzi yapafupi, kaya tiyi, nthochi kapena chimanga, kuiyendera kamodzi pa sabata, kulemba zimene waona m'kope, ndi kutumiza chithunzi chimodzi chokha akapeza netiweki. Makope amenewo anabwera nawo atabwerera kusukulu, ndipo tinayambira pamenepo.