Momwe tikufufutira mafayilo akale m'makompyuta a sukulu

Makompyuta athu a Linux adzaza ndi nyimbo, zithunzi ndi zolemba zakalekale, moti ena akukana kusunga ntchito yatsopano. M'malo mofufuta fayilo imodziimodzi, talemba script, kafayilo ka malamulo omwe kompyuta imatsatira yokha. Mzere wofunika kwambiri ndi uwu:

find /home/ophunzira -type f -mtime +90 -print

Lamuloli limasaka mafayilo okha, osati mafoda, omwe sanasinthidwe kwa masiku opitirira 90, n'kuonetsa mayina ake. Tikawerenga mndandandawo n'kukhutira, timasintha -print kukhala -delete. Mawu amenewa ayenera kukhala kumapeto kwenikweni. Akatsogola, find imafufuta zonse za mufodamo, ndi zadzulo zomwe.

Fayilo yofufutidwa motere sipita mu Trash. Komanso kungoitsegula n'kuwerenga sikusintha tsiku lomwe -mtime imayang'ana, choncho manotsi a Fomu 4 olembedwa teremu yatha akhoza kupita, ngakhale mumawawerenga tsiku lililonse. Ophunzira, akopereni pa flash Lachisanu lisanafike. A komiti musade nkhawa: foda yanu ili kwina, script sifikako.