Belu la injini ya boti likalira: yatenthadi kapena belu likunama?

LILONGWE - Asodzi ambiri a pa nyanja ya Malawi, ya Tanganyika ndi ya Kariba amagwira ntchito usiku, kutali ndi gombe, akudalira injini imodzi yokha. Injiniyo ikafa pakati pa nyanja m'nyengo ya mwera, mphepo imene imavuta pa nyanja ya Malawi kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti, boti limapereka nthiti ku mafunde ndipo madzi amayamba kulowa. Pa chifukwa ichi, kulira kwa belu lochenjeza za kutentha kwa injini, lomwe ena amalitcha alamu, si nkhani yopepuka.

Komabe si zachilendo kupeza injini imene waya wake wa belu anadulidwa dala, mwini wake atatopa ndi phokoso. Zoona n'zakuti belu limatha kulira injini ili bwinobwino. Koma limathanso kukhala chete injini ikupsa, ndipo vuto lachiwirili ndilo loopsa. Kudziwa chimene chikuchitika sikufuna zipangizo zodula. Chofunika ndi ndondomeko: munthu ayambe walikhulupirira belu, atsimikize ngati kutenthako kulipodi, ndipo pokhapo ayambe kukayikira belulo.

Njira ya madzi

Injini yokoleka kumbuyo kwa boti ilibe rediyeta ngati galimoto. Imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja momwemo. Madziwo amalowera pa timabowo tokhala ndi sefa, m'mbali mwa mwendo wa injini chakufupi ndi pulopela. M'mwendomo muli pampu, ndipo mtima wa pampuyo ndi kagudumu ka labala kokhala ndi mapiko, kamene amakaniko amakatcha impela. Impela imakankhira madzi m'kapaipi kokwera kumutu kwa injini, kumene amazungulira masilinda n'kutuluka pamodzi ndi utsi. Madzi pang'ono amapatutsidwa kuti azitulukira pa kabowo ka m'mbali, n'cholinga choti woyendetsa aziona ndi maso kuti pampu ikugwira ntchito.

Kumutu kwa injini kuli themositati, yomwe ndi kachitseko kotseguka kokha madzi akafunda. Pa mainjini ambiri a mtunduwu imayamba kutseguka pakati pa madigiri 50 ndi 60, pamene ya galimoto imadikira mpaka kupitirira 80. Anaichepetsa dala chifukwa madzi a mchere, monga a ku Beira, Quelimane ndi Nacala, akatenthetsedwa kwambiri amasiya zokoketsa zolimba m'njira za madzi.

Mainjini aang'ono ambiri a sitiroko ziwiri, monga a mahosipawa 8 kapena 15 olizidwa ndi chingwe, alibe belu n'komwe. Kwa eni ake, kamtsinje ka pa kabowo kaja ndiko chenjezo lokhalo. Mainjini aakulu ali ndi belu kapena kanyale, ndipo ambiri amadzichepetsera okha liwiro akatentha. Pa mainjini ambiri a Yamaha liwiro limatsika kufika pa mizungulire pafupifupi 2,000 pa mphindi. Mercury ili ndi njira yakeyake yotchedwa Guardian. Injini ikayamba kukana moto ndi kunjenjemera belu likulira, sikuti yawonongeka kawiri. Ikudziteteza.

Zoyamba kuchita muli pamadzi

Belu likalira, chepetsani moto, chotsani giya ndipo yang'anani kamtsinje kaja. Ngati madzi sakutuluka, zimitsani injini nthawi yomweyo, ndipo anzanu agwire nkhafi kuti mphuno ya boti iloze kumene mafunde akuchokera. Kenaka tukulani injini ndi kuona pa sefa. Kawirikawiri chotseka chimakhala thumba la pulasitiki, udzu, chidutswa cha ukonde kapena namasupuni, amene wavutitsa kwa zaka zambiri pa mtsinje wa Shire ndi wa Kafue. Pa Kariba, udzu woyandama wa Salvinia unafika pophimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanjayo mu 1962, damu litangomangidwa kumene. Mukachotsa chotsekacho, dikirani injini izizire yokha. Kuthira madzi ozizira pa mutu wotentha kungaupinde kapena kuung'amba.

Kamtsinjeko nako sikanena zonse. Kabowo kake kamatsekeka ndi mchenga, mchere kapena dothi la mavu omanga zisa, injini ili bwino. Kuboola ndi chingwe cholimba cha mbedza kumathetsa nkhaniyo. Koma madzi angathenso kutuluka mwamphamvu pamene mutu wa injini ukupsa, chifukwa pa mainjini ambiri madzi a kamtsinjeko amapatuka asanafike pa themositati. Themositati ikakanirira chotseka, kamtsinje kamaoneka bwino koma madzi a m'mutu sakusinthana.

Umboni weniweni uli pa chitsulo. Injini yoyenda bwino, mutu wake umalola chala kukhalapo masekondi angapo. Ngati chala sichingakhudze n'komwe, ngati dontho la madzi likuthetheka, kapena utoto wayamba kusintha mtundu ndi kununkha, belu lanena zoona. Makaniko amene ali ndi chida choyezera kutentha chapatali angathe kuyeza silinda iliyonse payokha, zomwe zimasonyeza mbali imene yatsekeka.

Pali chinthu china chimene chimapusitsa anthu ambiri. Swichi yoliza belu imatseka pa kutentha kwakukulu, koma siitsegukanso mpaka injini itazizira ndi madigiri angapo pansi pa pamenepo. Choncho belu lingapitirize kulira kwa kanthawi ngakhale thumba lachotsedwa ndipo madzi ayambanso kuyenda. Nthawi imeneyi ndi imene anthu amagamula msanga kuti belu lapenga.

Ngati injini yatenthadi

Woyamba kumukayikira ndi impela. Labala wake amafewetsedwa ndi madzi omwe akuwakankhawo, moti injini ikalizidwa pamtunda, ngakhale kwa nthawi yosakwana mphindi, mapiko amapsa. Mchenga nawo umawapala, makamaka kumagombe kumene boti amalikankhira kumtunda injini ikulira. Mabuku a Yamaha ndi Mercury a mainjini ambiri amati impela isinthidwe pakatha maola 300 kapena zaka zitatu. Zaka zitatuzo n'za munthu woyenda pamadzi mwa apo ndi apo. Boti la usipa kapena kapenta loyenda maola asanu usiku uliwonse limakwanitsa maola 300 m'miyezi iwiri yokha. Posintha impela yothyoka, werengani mapiko. Ngati lina likusowa, liri m'njira ya madzi ndipo liyenera kupezeka, apo ayi impela yatsopano siithandiza kanthu.

Nthawi imene belu limalira imaloza kumene kuli vuto. Ngati limalira injini ikuyenda pang'onopang'ono n'kusiya mukawonjezera moto, kawirikawiri impela yatopa. Ngati limalira pa liwiro lalikulu lokha, njira za madzi zachepa ndi mchenga kapena mchere, kapena injini inakolekedwa pamwamba kwambiri moti sefa ikumwa mpweya. Vuto lomalizali limapezeka pa maboti a matabwa okhomedwa m'magombe. Mainjini amabwera ndi miyendo yosiyana, waufupi wa thabwa lakumbuyo la masentimita pafupifupi 38 ndi wautali wa 51, ndipo mmisiri wa boti sakhala akudziwa nthawi zonse injini imene mwini wake adzagule. Kamtsinje kolavula modukizadukiza ndi thovu kangasonyeze kuti gasiketi ya mutu yapsa ndipo utsi ukulowa m'njira ya madzi.

Amakaniko ena amachotsa themositati n'kuitaya, ati kuno n'kotentha kale. Ngati njira yobwerera kugombe, zimenezi n'zomveka. Monga mankhwala okhalitsa, n'kulakwitsa. Injini yozizira mopitirira muyezo siiwotcha bwino mafuta, imadzaza mwaye pa mapulagi ndi mapisitoni, ndipo imatha msanga. Kuyesa themositati n'kosavuta: iikeni m'madzi ofunda pamoto ndipo muone ngati ikutseguka pa nambala yolembedwa pa thupi lake.

Ngati injini ili bwino koma belu likulira

M'magalaja mawu oti sensa amatchulira zida ziwiri zosiyana, ndipo chisokonezo chambiri chimayambira pa dzina limodzili. Chida choyamba ndi swichi wamba. Imangodziwa zinthu ziwiri, kutseka ndi kutsegula. Ikafika pa kutentha kumene anaikonzera, nthawi zambiri pakati pa madigiri 80 ndi 95 malinga ndi mtundu wa injini, imalumikiza waya wa belu ku chitsulo cha injini ndipo belu limalira. Chida chachiwiri chimapezeka pa mainjini atsopano oyendetsedwa ndi kakompyuta. Icho sichitseka kanthu. Chimangosintha kuchuluka kwa magetsi odutsamo. Chikamatentha chimalola magetsi ambiri, ndipo kompyuta ndiyo imawerenga n'kugamula zoliza belu.

Pa injini ya swichi, kufufuza kumatenga mphindi zochepa. Injini ili yozizira, tsegulani kiyi osailiza. Ngati belu likulira mosalekeza, solani waya wa swichiyo. Pa mainjini ambiri a Yamaha wayayo ndi wa pinki; pa Johnson ndi Evinrude, amene anasiya kupangidwa koma akadalipo m'madoko, ndi wa mtundu wa khaki; pa Mercury ndi wa khaki wa mzere wa buluu. Belu likatonthola, swichi ndiyo yafa chotseka. Likapitiriza, vuto lili kwina: waya wanyuka penapake n'kukhudza chitsulo, kapena belulo likunena za chinthu china.

Mfundo yomalizayi imaiwalika kawirikawiri. Belu n'limodzi koma uthenga ndi wambiri. Pa mainjini a sitiroko ziwiri osakaniza okha oyilo, limalira oyilo akachepa m'thanki yake. Pa a sitiroko zinayi limalira mphamvu ya oyilo ikatsika, ndipo pa ena limaliranso m'sefa ya petulo mukalowa madzi. Kaliridwe kamasiyana, kwina mosalekeza, kwina modukiza, ndipo tanthauzo lake lili m'buku la injiniyo. Mainjini a masilinda okhala mbali ziwiri amakhalanso ndi swichi mbali iliyonse, choncho zonse ziyesedwe payokhapayokha.

Swichi yokayikitsa imayesedwa mu poto. Imizani nsonga yake yokha m'madzi, lumikizani mita ya magetsi, ikani choyezera kutentha ndipo tenthetsani pang'onopang'ono. Lembani pamene yatseka ndi pamene yatsegukanso pozizira, n'kufananitsa ndi za m'buku. Apa pali msampha wa kuno kwathu. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja ya mchere mokha, ndipo nambalayo imatsika ndi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse okwera. Nyanja ya Malawi ndi Kariba zili pa mamita osakwana 500, choncho kusiyanako n'kochepa. Koma Bangweulu ili pa mamita oposa 1,100, kumene madzi amawira cha pa 96. Swichi ya madigiri 95 ingaoneke yakufa ku Samfya pamene ili yabwino. Kumalo otere ndi bwino kuyesera mu oyilo wa injini m'malo mwa madzi.

Sensa ya kompyuta imayesedwa chimodzimodzi, koma pa mita mumayang'ana nambala yotsika mwadongosolo madzi akamafunda. Ikamalumphalumpha kapena kuima malo amodzi, sensayo yatha.

Belu losalira

Waya wonyuka amaliza belu pachabe, ndipo aliyense amamva. Dzimbiri limachita zosiyana. Likadya polumikizira waya wa swichi, magetsi sadutsa ndipo belu silidzaliranso, kaya injini itenthe chotani. Pa sensa ya kompyuta, dzimbiri limachepetsa magetsi odutsa, kompyuta n'kumawerenga kuti injini ndi yozizira kuposa m'mene ilili, ndipo chenjezo limachedwa. Palibe chimene chimaoneka kapena kumveka mpaka tsiku limene pisitoni idzamatirire mu silinda.

Maboti aakulu a dizilo, onyamula anthu ndi katundu komanso ena ophera kapenta pa Kariba ndi Cahora Bassa, ali ndi misampha yawoyawo. Swichi ya waya mmodzi imadalira mazinga ake kuti ilumikizane ndi chitsulo cha injini, moti makaniko akakulunga mazingawo ndi tepi yambiri yoletsa kudontha, waitsekera pakamwa. Komanso swichi yomizidwa m'madzi ozizitsira imayeza madziwo, osati chitsulo. Paipi ikaphulika madzi n'kutha, nsonga yake imatsala pouma ndipo ingachedwe kuzindikira kuti injini ikupsa.

Kuyesa ngati belu lili moyo n'kofulumira kuposa kuthira petulo m'thanki. Mainjini ena amaliza belu kamodzi mukangotsegula kiyi, koma izi zimangosonyeza kuti belulo likugwira ntchito, osati waya wochokera ku swichi. Pa injini ya swichi wamba, tsegulani kiyi, solani waya pa swichi ndipo khudzitsani mbali yopita ku belu pa chitsulo choyera cha injini. Belu liyenera kulira pomwepo. Likapanda kulira, yambani ndi fyuzi, kenaka tsatani wayayo polumikizira paliponse mpaka pa belu, mukupala dzimbiri ndi kupaka girisi. Pa injini ya kompyuta musakhudzitse waya wa sensa ku chitsulo mwachisawawa. Tsatirani buku lake kapena pitani kwa makaniko amene ali ndi chida chowerengera uthenga wa kompyutayo.