Gitala ya Besi Yodula Ikafika ndi Chilema

Gitala ya besi, yomwe ndi gitala ya nsambo zokhuthala yotulutsa mawu apansi amene amayendera limodzi ndi ng'oma pogwira nyimbo, ili m'gulu la zida zoimbira zimene mitengo yake imatalikirana kwambiri, pakuti ina imagulidwa ndi madola 200 a ku America pamene ina, yopangidwa ndi amisiri owerengeka m'makampani aang'ono monga Fodera ku Brooklyn kapena Alembic ku California, imapitirira madola 10,000. Wolipira ndalama zochuluka chotere amayembekezera kulandira chida chopanda banga, komabe madandaulo a ogula sasowa ngakhale pa magitala a makampani otchuka. Chimene mtengo wokwera umagula kwenikweni ndi matabwa osankhidwa bwino, nthawi yochuluka ya mmisiri ndiponso udindo wa wogulitsa wokonza zinthu zikalakwika, ndipo wogula amene akufuna kuti udindowo umupindulire ayenera kuyamba wadziwa kusiyanitsa chilema chenicheni ndi vuto longofuna kusintha pang'ono.

Chida cha mtengo chokokedwa ndi zitsulo

Mavuto ambiri a gitala ya besi amachokera m'kapangidwe kake. Kuyambira mu 1951, pamene Leo Fender anatulutsa Precision Bass ku Fullerton m'chigawo cha California, magitala ambiri a besi akhala ndi nsambo zotalika mainchi 34, omwe ndi pafupifupi masentimita 86, ndipo nsambo zinayi zikakungidwa zimakoka khosi la gitala ndi mphamvu yoyandikira makilogalamu 80 usana ndi usiku. Pofuna kuti khosilo, lomwe ndi lalitali komanso lopyapyala, lisapindike, amisiri amaika m'kati mwake chitsulo chotchedwa truss rod, chimene chimamangidwa kapena kumasulidwa ndi sipanala kuti chilimbane ndi kukoka kwa nsambo. Pamwamba pa zimenezi, mtengo umapitiriza kumwa ndi kutaya chinyezi ngakhale utauma zaka zambiri, monga momwe chitseko cha matabwa chimathinira m'dzinja n'kukhwepa m'chilimwe, kotero kuti gitala imene inachoka ku fakitale ili bwino ikhoza kufika kwa wogula itasintha, itadutsa m'nyumba zosungiramo katundu, m'sitima zapamadzi ndi m'malole.

N'chifukwa chake, mwa magulu atatu a madandaulo a ogula, gulu loyamba silikhudza chilema chenicheni. Nsambo zikatalikira kwambiri pa khosi mpaka kupweteka zala, kapena zikamakhudza mafureti, amene ndi tizitsulo topingasa togawa khosi m'magawo a mawu, n'kumatulutsa phokoso lonjenjemera, kawirikawiri chofunika ndi ntchito imene oimba amaitcha setup, kutanthauza kusintha truss rod, kukweza kapena kutsitsa nsambo ndi kulinganiza utali wake kuti mawu asaphonye. Chimodzimodzinso nsonga za mafureti zikamabaya dzanja m'mbali mwa khosi, chifukwa chake chimakhala chakuti thabwa lafota ndi kuuma pamene chitsulo sichinafote, ndipo mmisiri amazipala ndi tupa m'nthawi yochepa. Opanga magitala ambiri amalangiza kusunga chidachi pamalo a chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti kuti kusintha kotereku kuchepe.

Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene wogula ndi wogulitsa amakanganirana kwambiri, chifukwa zimaoneka kapena kumveka koma sizilepheretsa kuimba. M'gululi muli kadontho ka utoto, mzere wa guluu woonekera, mtundu wa thabwa wosiyana ndi wa pa chithunzi, komanso ming'alu yopyapyala ya vanishi wa nitrocellulose, amene amang'ambika gitala ikachoka pozizira n'kulowa potentha mwadzidzidzi. Mulinso chimene oimba amachitcha dead spot, malo ena pa khosi pamene mawu amazimirira msanga kuposa anzake chifukwa kunjenjemera kwa khosi kumameza mphamvu ya nsambo, ndipo pa magitala ambiri a mtundu wa Fender malowa amapezeka pa nsambo ya G pakati pa fureti yachisanu ndi yachisanu ndi chiwiri. Makampani amaona zimenezi ngati chibadwa cha chida cha mtengo, choncho wogula amene zamunyansa amathandizika kwambiri pobweza gitala nthawi yobwezera isanathe kusiyana ndi kuyembekezera kuti amukonzere.

Gulu lachitatu ndilo la zilema zenizeni, zimene setup singathetse: khosi lopotoka, truss rod yothyoka kapena imene yafika pamapeto khosi lisanawongoke, mafureti osafanana msinkhu, mpata waukulu pamene khosi limalumikizana ndi thunthu, chitsulo chogwira nsambo choikidwa pambali mwakuti nsambo imodzi ikutsetsereka m'mphepete, ndiponso mawaya osalumikizidwa bwino amene amachititsa kuti ma pickup, omwe ndi timaginito tosandutsa kunjenjemera kwa nsambo kukhala mphamvu ya magetsi, azilira kapena kuzima.

Dzina la kampani ndi ubwino wa ntchito

Mbiri ya Fender ikusonyeza kuti dzina lalikulu silitsimikizira ntchito yofanana nthawi zonse. Kampani ya CBS itagula Fender mu 1965 pa madola 13 miliyoni, chiwerengero cha magitala opangidwa chinakwera, ndipo oimba ambiri anayamba kudandaula za magitala a m'zaka za m'ma 1970, makamaka kulemera kwake, kukhuthala kwa utoto ndi makosi okhwepa polumikizira, mpaka mawu akuti pre-CBS, otanthauza magitala opangidwa kampaniyo isanagulitsidwe, anasanduka chizindikiro cha mtengo wapatali pamsika. Mu 1985 gulu lotsogozedwa ndi William Schultz linagula kampaniyo n'kuyambanso kupanga magitala ku Corona, ndipo mbiri yabwino inabwerera pang'onopang'ono. Masiku ano mafakitale amadula matabwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo ena amagwiritsa ntchito makina a Plek, opangidwa ku Berlin, poyeza ndi kusalaza mafureti, komabe kupaka utoto, kupukuta, kulumikiza mawaya ndi kuyendera komaliza zikadali m'manja mwa anthu, ndipo zolakwika zambiri zimadutsira pomwepo.

Kumene dandaulo liyenera kupita

Wogula akapeza vuto, woyamba kumudziwitsa ndi sitolo imene inamugulitsa, chifukwa mgwirizano wa malonda uli pakati pa awiriwo, pamene waranti, yomwe ndi lonjezo lolembedwa la wopanga lakuti adzakonza kapena kusintha chida cholakwika m'nthawi yoikika, ndi chitetezo chachiwiri chongowonjezera. Mawaranti ambiri amateteza wogula woyamba yekha, amafuna lisiti yochokera kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo sakhudza kutha kwa nsambo ndi mafureti, kuwonongeka kobwera ndi chinyezi kapena kutentha, ngakhalenso chida chimene mwini wake wachitsegula n'kusintha zina. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri, chifukwa kufulumira kukonza wekha kumawononga chida ndi ufulu womwe. Pa gitala ya besi ya Rickenbacker 4001 yakale, mwachitsanzo, khosi linkayenera kuwongoledwa ndi manja mmisiri asanamange zitsulo zake ziwiri za m'kati, ndipo amene ankangomanga monga amachitira pa magitala ena ankatha kumatula thabwa la mafureti.

Dandaulo lomveka limakhala lolembedwa, lotumizidwa m'masiku oyambirira, lokhala ndi nambala ya gitala, zithunzi za chilemacho ndi za katoni ngati yafika yophwanyika, miyeso ya kutalikira kwa nsambo, ndiponso lipoti la mmisiri wodziimira payekha ngati vuto lili m'khosi. Liyeneranso kunena momveka chimene wogula akufuna mwa zinthu zinayi izi: kukonzedwa, kupatsidwa gitala ina, kubwezeredwa ndalama zonse, kapena kuchotseredwa gawo la mtengo ngati banga lili la maonekedwe okha. Ogulitsa ena asandutsa kusamalira ogula kukhala njira yokopera makasitomala, monga sitolo ya Thomann ya ku Germany, imene imalola kubweza katundu m'masiku 30 ndi kupereka waranti ya zaka 3, ndi Sweetwater ya ku Fort Wayne ku America, imene imayendera mfundo 55 pa gitala isanaitumize.

Malamulo a dziko limene chida chagulidwa amaposa mawu a pa pepala la waranti. Ku Britain, lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limapatsa wogula masiku 30 okana katundu wachilema n'kulandira ndalama zake, m'maiko a European Union wogulitsa amakhala ndi udindo kwa zaka zosachepera 2, ndipo ku South Africa lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limalola kubweza katundu wolakwika m'miyezi 6, wogula n'kusankha yekha pakati pa kukonza, kusintha ndi kubwezeredwa ndalama. Gitala yopangidwa motsatira zofuna za munthu mmodzi, imene amaidikira miyezi yambiri atalipiriratu gawo la mtengo, nthawi zambiri sibwezedwa pa chifukwa chongosintha maganizo, choncho mtundu wa thabwa, kulemera, utoto ndi tsiku lomalizira ziyenera kulembedwa ntchito isanayambe.

Kwa oimba a m'mabandi ndi m'matchalitchi a ku Malawi, amene kawirikawiri amaitanitsa zida zodula kudzera mwa abale okhala ku Johannesburg kapena ku Britain, vuto lalikulu ndi mtunda, popeza waranti imagwira ntchito makamaka m'dziko logulira ndipo ndalama zobwezera gitala kunja zikhoza kuposa mtengo wokonzera, pamene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limathandiza pa malonda ochitikira m'dziko muno. Njira yanzeru ndi yakuti chidacho chiyesedwe ndi woimba kapena mmisiri chikadali m'dziko logulira, masiku obwezera asanathe, ndipo lisiti ilembedwe m'dzina la mwini wake weniweni, chifukwa khosi lopotoka likazindikirika gitala itafika kale ku Lilongwe, ufulu wonse wolembedwa m'malamulo akunja umakhala wovuta kuugwiritsa ntchito.