Konzani Ngalawa Yanu Isanacoke pa Dooko

Nyanja ya Malawi ndi yaikuru. Pamene iri yotakata koposa pali makilomita 75 kucokera tsidya lino kufika tsidya lija. Munthu ali pakati pace alibe mtengo woti adule, kapena mmisiri woti amuitane. Cifukwa cace kanthu kali konse koonongeka m'ngalawa ya matanga kayenera kukonzedwa pamtunda, ulendo usanayambe.

Ngalawa zotere zinadza ndi Aswahili a Jumbe, amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo zina zikali kuyenda pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambique. Mdani wao wamkuru ndi mwera, mphepo ya kumwera yoomba kuyambira May kufika August. Pa 30 July 1946, m'nyengo yomweyo, sitima yacitsulo ya Vipya inamira, ndipo anthu 145 anatayika. Ngati citsulo cinagonja, nanga thabwa loola lidzatani?

Coyamba, kokerani ngalawa pamcenga, nimugogode thabwa liri lonse ndi nyundo. Labwino limalira bwino, koma loola limalira mogontha, ndipo nsonga ya mpeni imalowamo msanga. Limenelo licotseni, pamodzi ndi misomali yodyeka ndi dzimbiri. M'mipata ya matabwa khomeranimo thonje lonyika m'mafuta, nimumate phula pamwamba. Mukatha, ikani ngalawa m'madzi masiku awiri kuti matabwa atupe, muone ngati ikudonthabe.

Caciwiri, yang'anani mlongoti. Mng'alu waung'ono wotsata utali wa mtengo mungathe kuukulunga zolimba ndi cingwe. Koma wopingasa ulibe mankhwala. Funani mlongoti wina.

Cacitatu, zingwe. Cingwe cimanyenga maso, pakuti cimayamba kufumbwa m'kati kunja kukali kokongola. Cipombosoleni pang'ono. Mukaona m'kati mukutuluka zonga ufa, citayeni. Penyetsetsani makamaka pamene cimakhulana ndi mtengo, cifukwa ndi pomwe cimadukira.

Cacinai, thanga. Litambasuleni padzuwa, ndipo pamene nsaru yapyapyala padzaonetsa kuwala. Cigamba cipitirire pong'ambikapo ndi cikhatho cimodzi mbali zonse, cisokedwe ndi ulusi wolimba mizere iwiri. Musapinde thanga liri lonyowa, lingacite cuku ndi kuola.

Cacisanu, ciongolero. Cigwedezeni ndi mphamvu, muone ngati zitsulo zocigwira ziri zolimba. Cikathyoka pakati pa nyanja, ngalawa imatembenukira nthiti ku mafunde, ndipo funde limodzi lingathe kuigubuduza. Tengani nkhafi yaitali yapadera, yoti muongolere nayo cikakana.

Zonsezi zikatha, kwezani thanga muyende pang'ono pafupi ndi gombe. Cimene mwaiwala cidzaoneka pamenepo, mukali pafupi ndi kwanu. M'ngalawa musasowe nangula, cokapira madzi, singano ndi ulusi, mpeni, ndi cingwe cina cosagwirapo nchito. Katundu, kaya ndi matumba a mpunga kaya nsomba zouma, muikeni pansi ndi pakati, ndipo asacuruke.

Ena amati nchito imeneyi imacedwetsa malonda. Inde, imadya masiku atatu kapena anai. Koma m'ngalawamo mumakwera akazi ndi ana a eni, amene sanaone thabwa kapena cingwe, angokhulupirira inu. Wakutsina khutu ndi mnansi.